Mutu 7: Phula la Pathabwa

1. Lamulo la tsitsi

Gulu loimba la Hollis Tarbell linali ndi lamulo limodzi lokha, ndipo lamulolo silinkakhudza gitala kapena ng'oma. Linkakhudza tsitsi. Munthu sankaloledwa kukwera pansanja tsitsi lili louma. Tsiku loimba likafika, anyamata onse anayi ankalawirira kunyanja, aliyense ndi thabwa lake loimapo poyandama panyanja, n'kukwera funde ngakhale limodzi. Masana ankaimba mchere udakali m'mutu.

Hollis ankati nyimbo zawo zilibe mawu chifukwa funde nalo silinena mawu, limangogunda. Ankatinso munthu amene sanathamangitsidwe ndi funde mmawa wa tsikulo, zala zake zimanama pa nsambo. Chaka chimenecho, cha 1962, magulu oimba nyimbo za pamafunde anali atamera ngati bowa m'gombe lonse la kuno ku California. Ambiri mwa oimbawo anali anyamata a kumtunda osadziwa n'kusambira komwe, amene ankayeretsa tsitsi ndi mankhwala kuti lizioneka ngati lapsa ndi dzuwa. Hollis ankawatchula kuti abakha a pafumbi.

Rudy Pavlich sanali bakha wa pafumbi. Anabadwira ku San Pedro, pafupi ndi doko, ndipo anayamba kuima pa thabwa asanadziwe kumanga zingwe za nsapato. Anali ndi zaka 17, ndipo ndiye ankaimba gitala yotsogolera. Analinso mwini wa kabokosi ka masipuling'i, komwe anagula atatha tchuthi chonse akutumbula nsomba m'fakitale ya nsomba za m'zitini. Kulira kwa gitala kukadutsa m'kabokosiko kunkatuluka konyowa, ngati madzi akudontha m'phanga. Ukakamenya ndi phazi kankachita phokoso la funde losweka. Popanda kabokosiko gulu la Hollis likanangofanana ndi magulu ena onse.

Loweruka lina chaka chimenecho kunali mpikisano wa magulu khumi ndi awiri m'holo ya matabwa ya m'mbali mwa nyanja. Opambana anali oti akajambulitsa chimbale ku Los Angeles. Nyimbo yomwe gululo linakonzera mpikisanowo anaipeka ndi Rudy yemweyo.

Koma tsoka silinunkha. Lachiwiri la sabata yomweyo mmawa funde linamugwetsa Rudy chammbali, madzi n'kumuwomba khutu lakumanja ngati khofi. Anamva kanthu kakuphulika m'mutu. Atatuluka m'madzi anapeza timagazi paphewa.

Khutu limenelo ndilo linali labwino. Lakumanzere linafooka kalekale, atadwala chikuku ali ndi zaka zisanu.

2. Kwa Dokotala Okada

Dokotala Okada anali munthu wamfupi, wa imvi, amene anali atasuzumira m'makutu mwa theka la anthu a padoko. Anasuzumiranso mwa Rudy ndi katochi kake, n'kupukusa mutu. Kenako anakoka mpando kuti akhale cha kumanzere kwake.

"Tamvera mnyamata, pamene udakali ndi chomvera," anatero. "M'kati mwa khutu muli kachikopa kopyapyala kuposa pepala. Kako kang'ambika. Ukadekha si nkhani yoopsa, chifukwa kamalumikizika kokha pakatha masabata asanu ndi limodzi. Koma pa masabata amenewo khutu lako ndi nyumba yopanda chitseko. Madzi akalowa alowa mpaka kuchipinda, ndipo madzi a pafupi ndi doko lathuli ukulidziwa wekha fungo lake. Phokoso lalikulu likabwera silipeza cholitchinga. Akanakhala wina ndikanamuuza kuti akataya khutu limodzi adzatsala ndi linzake. Iwe ulibe linzake. Ndiye kunyanja ayi, pafupi ndi zimkuzamawu zanu zija ayi. Ndipo usaikemo kanthu kalikonse, ngakhale chala. Ndikudziwa kuti anyamata a pamafunde muli ndi nzeru zanu zambiri. Ndatha zaka khumi ndikuzichotsa m'makutu ndi kachitsulo aka."

Rudy anafunsa za Loweruka. Dokotalayo anayankha kuti Loweruka limabwera sabata iliyonse, ndipo analemba kalata yoti akapatse bambo ake.

3. Thonje la Bambo Pavlich

Rudy ankakhala ndi bambo ake okha, pakuti mayi ake anamwalira iye ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Bambo Anton Pavlich anagwira ntchito zaka makumi awiri kumene amapanga sitima za pamadzi, akukhoma misomali yachitsulo ndi nyundo ya makina. Ntchitoyo inawapatsa nyumba, koma inawalanda makutu. Popeza sankadzimva okha, ankalankhula mokuwa kwambiri. Akati afunse mtengo wa buledi m'sitolo, anthu onse ankatembenuka.

Rudy ankachita nawo manyazi, tisabise. Sanawaitanepo n'kamodzi komwe kuti akaone gulu lake likuimba. Ankati nanga akamvako chiyani. Chimene bambowo anali nacho ndi maso. Ankatha kuwerenga milomo ya munthu woima kutsidya kwa msewu.

Atawerenga kalata ya dokotala, analowa kuchipinda n'kutuluka ndi kachitini ka fodya. Anakatsegula patebulo. Munali thonje lakale, lofiirira.

"Thonje ili anandipatsa pageti tsiku loyamba ntchito," anayamba motero, mawu awo akugwedeza makapu. "Aliyense ankapatsidwa. Koma m'kati mwa sitima munali lamulo lina, losalembedwa, lakuti woika thonje m'makutu si mwamuna. Munthu wotero ankamuseka mpaka ankadya yekha nkhomaliro. Ine sindinafune kudya ndekha. Ndinaika thonje m'thumba, n'kumayenda chifuwa chili patsogolo. Zoyamba kuchoka zinali mbalame. Ndinkangoti chaka chino mbalame zasamuka. Kenako wotchi ya pakhoma inasiya kulira. Ndinapita nayo kwa wokonza, iye n'kungondiyang'ana mwachisoni. Anzanga aja amene ndinkaopa kuti andiseka, lero sindidziwa n'komwe kumene ali. Palibe mmodzi amene anabwera kudzandibwereka khutu lake. Mayi ako akutsirizika m'chipatala muja anandigwira dzanja n'kunena mawu. Nthawi imeneyo ndinali ndisanaphunzire kuwerenga milomo. Ndinagwedeza mutu ngati ndamva. Mpaka lero sindidziwa chimene ndinavomera. Mwana wanga, gitala yako sindinaimvepo, koma ndimaona mmene zala zako zimayendera, ndipo ndikudziwa kuti Mulungu anakupatsa kanthu. Usakataye chifukwa choopa kudya wekha."

Mawuwo anamulasa Rudy, ndipo misozi inalengeza. Koma mwana ndi mwana. Anatembenuzira nkhope kukhoma, monga ankachitira nthawi zonse akafuna kuti bambo ake asaone pakamwa pake, n'kung'ung'udza kuti tsobola wakale sawawa, nyundo n'zina nyimbo n'zina.

4. Nzeru ya Hollis

Lachisanu masana gululo linakumana m'galaja ya kwa Hollis. Rudy anafotokoza zonse. Anapempha kuti mawa yekha asalowe m'madzi, ndipo anati adzaimba ataima patali ndi chimkuzamawu. Gil Arredondo, woimba ng'oma, anati palibe vuto, munthu wadwala.

Hollis anaseka. "Ndiye tikugulirenso mankhwala oyeretsera tsitsi, aise? Ukwere pansanja uli mbuu ngati bakha wa pafumbi, anthu onse a pagombe akuona?"

Rudy anati dokotala ndiye waletsa. Hollis anamukumbutsa za mnzawo wina amene anamuchotsa m'gulu chaka chatha chifukwa chokana kulowa m'madzi ali ndi chimfine. Anafunsa kuti kodi amene anakuwa kwambiri tsiku lija kuti lamulo ndi lamulo anali ndani. Rudy anawerama, chifukwa anali iyeyo.

Ndiye Hollis anapisa m'thumba n'kutulutsa chibenthu cha phula. Linali phula lija anyamata amapaka pa thabwa kuti mapazi asaterereke, lakuda ndi manja, mchenga uli waa. Anabenthula kachidutswa n'kumuponyera.

"Dokotala wakoyo anakwerapo funde? Tafuna kameneka kafewe, utseke khutulo. Phula limakaniza madzi pa thabwa lonse, lingalephere kakhutu kako? Funde limodzi basi, laling'ono, tsitsi linyowe."

Rudy anabwerera kunyumba phula lili m'thumba la malaya. Sanauze bambo ake.

5. Funde limodzi

Loweruka kunacha ndi nkhungu, ndipo nyanja inali itakwiya. Rudy anaima pamchenga nthawi yaitali, thabwa lili m'khwapa. Gil anabwera n'kumunong'oneza kuti angoviika mutu m'mphepete, Hollis sadziwa. Koma Rudy analoza khutu lakumanja posonyeza kuti sakumva, pakuti anali atatafuna kale phula lija n'kulikanikiza m'kati ndi chala chachikulu.

Anapalasa kupita kwakuya. Maganizo ake anali oti asankhe kafunde kochepa. Koma pagombe panali patadzaza anyamata ndi atsikana amene anabwerera mpikisano, ndipo ambiri ankamudziwa. Timafunde titatu tinadutsa, iye n'kutilola. Funde lachinayi linali chiphiri. Linamupeza ali pamalo abwino kuposa wina aliyense, ndipo mwa mwambo wa pamafunde linali lake. Anzake onse anamupatukira n'kumamuyang'ana.

Analikwera. Kunena zoona, analikwera bwino kwambiri, mwina kuposa tsiku lina lililonse. Kwa kamphindi anali m'kati mwa khoma lobiriwira la madzi, ndipo anasangalala.

Kenako khomalo linamugwera. Madzi anamupinda, n'kumuwombanso mbali yomweyo. Phula silinatuluke. Linalowa m'kati, madzi ozizira n'kulitsatira. Nthawi yomweyo dziko linazungulira. Rudy, amene ankasambira ngati nsomba, sanadziwenso kuti kumwamba n'kuti. Ankapalasa molimbika, koma ankapita pansi.

Gil ndiye anamugwira kabudula n'kumukokera pa thabwa lake. Pamchenga Rudy anasanza madzi amchere, akugwira pansi ndi manja onse ngati kuti gombe likufuna kumutaya. Hollis anabwera akuthamanga, ndipo ataona kuti mnzake akupuma anamusisita pamutu n'kunena kuti tsitsi lanyowa, nyimbo lero ilira.

6. M'holo ya matabwa

Mpikisano unayamba itangokwana 2 koloko masana. M'holomo munali anthu oposa chikwi, ambiri osavala nsapato. Gule wa nyimbo za pamafunde ndi wongoponda pansi mwamphamvu, phazi ili kenako ilo, mpaka matabwa kumanjenjemera. Gulu la Hollis linali lachisanu ndi chiwiri.

Pofika nthawiyo mutu wa Rudy unkapweteka ngati wakhomedwa msomali. Gil anamupempha kuti asiye. Rudy anakana. Anati wavutika kale, ndiye kuvutikako kukhale ndi phindu.

Atakwera pansanja anakhudza nsambo, koma anaimva gitala yake ngati ikulira m'nyumba ya aneba. Anakweza chimkuzamawu. Sanaimvebe bwino. Anakwezanso mpaka pamapeto, n'kusendera pafupi, mpaka msana wake unagunda chimkuzamawucho. Anthu a kutsogolo anakuwa mokondwa poganiza kuti ndi dala.

Gil anamenya timitengo take kanayi, nyimbo n'kuyamba. Poyamba zinkayenda. Zala za Rudy zinkaidziwa nyimboyo zokha, ndipo ankayang'ana manja a Gil kuti asasochere. Koma pakati pa nyimbo pamafunika kuyang'ana nsambo, chifukwa dzanja limatsetsereka kuchokera pamwamba mpaka pansi mofulumira, ngati munthu akutsika funde. Atachotsa maso pa Gil, ng'oma inasowa. Chimene chinatsala ndi kugunda kwa matabwa kumapazi kwake, ndipo anatsata kumeneko.

Sanadziwe kuti kugundako sikunali kwa ng'oma. Anali mapazi a anthu chikwi, ena otsogola, ena otsalira. Gulu linalowera kwina, Rudy kwina. Nyimbo yokhala ndi woimba mawu imabisa zambiri, chifukwa anthu amatsata mawuwo. Nyimbo ya gitala yokha ilibe pobisala.

Pofika pamapeto, malo amene funde limayenera kusweka, Rudy anamenya kabokosi ka masipuling'i ndi phazi. Phokosolo linatulukira pafupi ndi mutu wake. Anamva ululu wonga wa singano yamoto, kenako kunangoti zii.

Anapitiriza kuimba, maso ali pa nsambo. Atadzutsa mutu anaona kuti anthu asiya kuvina. Gil anali atagoneka timitengo pamiyendo. Hollis anali atavula kale gitala yake. Anzake anali atamaliza kalekale, ndipo iye ankaimba yekha. Anaona pakamwa pa anthu pali yasa, mapewa akugwedezeka, koma kusekako sikunamufike. Chinthu chofunda chinkatuluka m'khutu n'kumayenderera m'khosi mwake.

Kumbuyo kwenikweni kwa holo, pafupi ndi khomo, kunaima munthu wamkulu wovala chipewa cha kuntchito, dzanja ataligwiritsa kukhoma kuti amve kunjenjemera kwa nyimbo. Anali bambo ake. Palibe amene anawaitana.

7. Pazenera

Lamlungu mmawa Rudy anadzuka pilo atamatirira kutsaya. Khutu linali litatupa ndipo linkatuluka mafinya. M'mutu munkalira kamluzu kosalekeza. Anatsegula mpope wa madzi, madzi n'kumatuluka mwakachetechete. Anatenga gitala, n'kukhudza nsambo yaikulu. Anaiona ikunjenjemera basi.

Anakhala pansi n'kulira, ndipo kulira kwakeko ankakumva ngati kwa munthu wina wa kutali.

Dzulo lake bambo ake anali atathamanga naye kwa Dokotala Okada. Dokotalayo anachotsa phula limene anatha kulifikira, lili ndi mchenga ndi magazi, n'kulemba papepala kuti lina lalowa kumene kachitsulo kake sikafika. Lolemba anayenera kupita kuchipatala chachikulu. Rudy analemba pansi pake kufunsa ngati adzamvanso. Dokotalayo anagwira pensulo nthawi yaitali, kenako anaibweza m'thumba.

Bambo Pavlich sanakalipe. Sananene kuti ndinakuuza. Analowa kuchipinda kwa mwana wawo, n'kumudzutsa, n'kumukhazika pampando wa pazenera pomwe pali kuwala. Anamugwira chibwano kuti awayang'ane pakamwa. Kenako anawerama cha kukhutu lakumanzere, lofooka lija, n'kulankhula mmene amalankhulira nthawi zonse.

"Uziyang'ana milomo, usamayang'ane maso. Ndikuphunzitsa pang'onopang'ono."

Rudy anadzidzimuka. Anawamva. Mawuwo anafika ochepa, ngati odutsa m'bulangete, koma anafika. Pa mawu onse a m'dziko, okhawo amene anali ndi mphamvu yomufikira anali omwe aja ankachita nawo manyazi m'sitolo. Anagwira dzanja la bambo ake.

Ali pomwepo, galimoto ya Hollis inaima kutsidya kwa msewu, matabwa ali padenga. Hollis anatsika ndi mnyamata wina wachilendo wonyamula gitala. Mlendoyo anali ndi khungu losapsa ndi dzuwa, tsitsi loyera mbee lopesedwa bwino, ndipo anavala nsapato ndi sokosi. Awiriwo anaima pafupi ndi galimoto akukambirana.

Rudy analoza pazenera n'kufunsa kuti akuti chiyani. Bambo ake anayang'ana kwa kanthawi, nkhope yawo n'kusintha. Anapukusa mutu kuti zisiye. Rudy anawakoka malaya.

Bambowo anapumira m'mwamba, n'kuweramanso. "Akuti munthu wojambula zimbale wa ku Los Angeles, amene analipo pa mpikisano, waikonda nyimbo yako. Wawapatsa mwayi wina Lachitatu. Abwera kudzatenga kabokosi."

Rudy anafunsa kuti nanga mlendoyo akuti chiyani.

"Akuti iye sadziwa kusambira."

"Ndiye Hollis wayankha kuti chiyani?"

Bambo Pavlich anatembenuka. Anayang'ana thonje lomwe dokotala anamata pa khutu la mwana wawo, kenako ananena pang'onopang'ono, kuti Rudy aone liwu lililonse.

"Akuti asadandaule. Akuti za tsitsizo zinali zongocheza."

Kabokosi ka masipuling'i kanali pansi pa zenera, mchenga wa dzulo udakali pamwamba pake. Rudy anakanyamula n'kukakhazika pamiyendo. Kunja, Hollis anawoloka msewu akumwetulira, n'kukwera masitepe a pakhonde. Rudy anaona dzanja lake likukwera n'kumenya chitseko katatu.

M'nyumbamo munalibe amene anamva kugogodako.